Momwe mungayambire kuweta nsomba m'thanki yagalasi kuno ku Chigwa cha Shire

Nsomba zanga zoyamba zinatha zonse m'sabata imodzi, mwezi wa Okutobala, ndili ku Nchalo. Ndinazigula ku Blantyre Loweruka, n'kutsika nazo phiri mpaka pa Thabwa zili m'jumbo, madzulo omwewo n'kuziponya m'thanki yatsopano. Pofika Lachisanu zonse zinali chagada. Mtima unandiwawa kwambiri. Ndinapupuluma, komanso sindinaganizire dzuwa lathu lino. Tsono inu tsatani izi.

Choyamba, malo. Thanki isakhale pawindo kapena pamene dzuwa limafika, chifukwa madzi amatentha ndipo galasi limadzaza ndere. Sankhani chipinda chozizirirako m'nyumba yonse. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho thanki ya malita 60 pamodzi ndi mchenga ndi miyala imapitirira makilogalamu 70. Tebulo likhale lolimba, losapendekeka. Ndipo musanyengeke ndi timabeseni tagalasi tozungulira tija: madzi ochepa amatentha msanga, amaipanso msanga. Kuno musayambe ndi yochepera malita 60.

Chachiwiri, madzi. Apa mpamene ife a Chikwawa ndi Nsanje tiyenera kusamala kuposa anzathu akumtunda. Mijigo yambiri kuno imatulutsa madzi amchere. Lawani kaye, ngati tiyi wake amakukanikani, nsomba zambiri sizingakhalemo. Madzi apampopi ali ndi klorini, yemwe amawotcha makha a nsomba. Asiyeni m'ndowa yosavundikira tsiku lathunthu, kapena muthiremo mankhwala ochotsa klorini ogulitsidwa kumene amagulitsa nsombazi. Chimodzimodzi madzi omwe mwathira WaterGuard. Madzi a mu Shire asiyeni: ali ndi matope, ndipo zomera zam'mbali mwake zimabwera ndi nkhono, zina mwa izo zofalitsa likodzo.

Mchenga wam'mitsinje yomwe imaphwa chilimwe, monga Mwanza, ndi wabwino. Utsukeni ndi madzi okha mpaka otsukirawo atayera, muuthire madzi owira, muuyanike. Sopo asayandikire chilichonse cholowa m'thanki. Yalani mchenga masentimita 3 mpaka 5, sanjani miyala, ikani mbale pamchengapo n'kumathira madzi pambaleyo kuti asavunduke.

Zida zofunika ndi zitatu: fyuluta ya siponji yosefa madzi, pampu ya mpweya, ndi choyezera kutentha kwa madzi. Akakuuzani kuti mugulenso hita yotenthetsa madzi, isakhale yoyamba kukudyerani ndalama. Ndalamayo ndi bwino mugulire kapampu koyendera mabatire.

Tsopano pafika povuta, ngakhale palibe chonyamula: kudikira. Ndowe za nsomba ndi chakudya chotsala zikawola zimatulutsa amoniya, yemwe ndi poizoni. M'siponji ya fyuluta ndi mumchenga mumayenera kuswana mabakiteriya osaoneka ndi maso. Ena amasandutsa amoniya kukhala nayitiraiti, yemwenso ndi woopsa, ena n'kusandutsa ameneyo kukhala nayitireti, yemwe savulaza akakhala wochepa. Thanki yatsopano ilibe mabakiteriyawa, ndipo kuti achuluke pamatenga masabata 4 mpaka 6. N'zomwe zinapha nsomba zanga: madzi ankaoneka oyera ngati akumwa, koma zinkasambira m'poizoni wawo womwe. Choncho yatsani fyuluta usana ndi usiku, thanki ilibe nsomba, ndipo tsiku lililonse muziponyamo kachakudya ka nsomba kongotsina ndi zala. Madzi adzachita mbuu masiku angapo, kenako n'kuyera okha, musawataye. Ngati muli ndi mankhwala oyezera madzi, dikirani mpaka amoniya ndi nayitiraiti asonyeze 0. Mnzanu wokhala ndi thanki yakale akakufinyirani siponji yake m'madzi anu, nthawiyi imafupika. Ana adzakuvutitsani kuti nsomba zibwera liti. Limbani mtima.

Posankha nsomba, ganizirani Novembala, osati Juni. Goldfish ndi yokongola koma imakonda madzi ozizira. Ku Ngabu kapena ku Bangula ndi kuizunza chabe. Oyamba kumene ayambe ndi guppy kapena molly. Zimapirira kutentha, ndipo molly sadandaula ndi kamchere pang'ono. Mbuna za ku Nyanja ya Malawi, zomwe anthu akunja amazilipira ndalama zambiri, zimafuna madzi a madigiri 24 mpaka 28, miyala yambiri yobisalamo, ndi thanki ya malita 150 kapena kuposa, chifukwa n'zandewu. Makakana athu a ku Elephant Marsh sawopa dzuwa kapena mchere, koma amakula n'kufukula mchenga wonse. Mlamba ndiye ayi, udzameza anzake usiku.

Mukafika nazo, yandamitsani jumbo lomangabe m'thanki mphindi 20, mulimasule n'kumathiramo madzi am'thanki pang'onopang'ono, kenako muvuule nsombazo ndi kaukonde. Madzi am'jumbo tayani panja. Yambani ndi zinayi kapena zisanu, zina muwonjezere pakatha masabata awiri.

Kudyetsa ndi kamodzi kapena kawiri patsiku, chakudya choti chithe m'mphindi ziwiri. Nsima musaponyemo, imawoletsa madzi. Sabata iliyonse chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi, pokoka ndi payipi kuchokera pansi pomwe pamadikha zinyalala, n'kubwezeramo omwe agona m'ndowa. Kungowonjezera omwe auma sikokwanira: madzi amauluka koma mchere umatsala, n'kumachulukirachulukira. Siponji muziifinya m'madzi omwe mwachotsawo, osati pampopi, kuopa kupha mabakiteriya munawadikira mwezi wathunthu aja. Madzi akalewo thirirani masamba kudimba.

Miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kunja kumafika madigiri 40, yang'anani choyezera masana aliwonse. Madzi otentha amasunga mpweya wochepa, ndiye mukaona nsomba zikuyasamula pamwamba, zikubanika. Madzi akapitirira madigiri 30, tsegulani chivundikiro, muyale neti kuti zisadumphe, ndipo fani iziwomba pamwamba pa madzi. Muthanso kuyandamitsa botolo lotseka la madzi oundana, koma kutentha kutsike pang'onopang'ono, osati mwadzidzidzi. Magetsi akazima, yatsani kapampu kamabatire kaja. Ngati mulibe, tungani madzi ndi kapu n'kumawathiranso kuchokera m'mwamba kangapo pa ola lililonse, ndipo tsiku limenelo musadyetse.

Guppy amaswana kwambiri, ndipo tsiku lina zidzakuchulukirani. Chonde musakazitaye mu Shire, m'dambo kapena m'ngalande zothirira. Namasupuni uja anachokera ku South America ngati duwa lokongoletsa, lero asodzi athu akulimbana naye. Gawirani anzanu kapena sukulu yapafupi, ndipo muwafinyireko siponji yanu.