Usanasankhe koleji ya ski, dziwa kuti udzakhala wachingati pa timu

Ndinali ndi zaka 19 pamene kochi wa yunivesite ina yaikulu ku America anandiimbira foni kuti malo alipo pa timu yake. Ndinkapikisana pa ski, masewera otsetsereka pa chipale chofewa, m'mipikisano ya slalom ndi giant slalom, yotsika phiri mokhotakhota pakati pa timitengo totchedwa mageti, ndipo usiku umenewo tulo sitinabwere. Dzina la sukuluyo linanditseka maso moti sindinafunse funso limene linali lofunika kuposa onse: pa anyamata anuwo, ine ndidzakhala wachingati? Nditafika ndinapeza kuti ndine wachisanu ndi chiwiri mwa asanu ndi atatu. Nyengo yonse yozizira ndinkasenza mitolo ya mageti kukwera nayo phiri kusanache, kenako n'kumasalaza njira ndi ma ski anga kuti anzanga adutse bwino. Lachinayi akamakwera galimoto kupita ku mpikisano, ine ndinkatsala. Mng'ono wanga, ndikulemba izi kuti iwe usagwe m'mbuna yomweyo.

Yamba ndi masamu. Mpikisano waukulu wa ski wa NCAA, bungwe loyang'anira masewera a m'makoleji a ku America, umachitika mu Malichi, ndipo chikho n'chimodzi: mapointi a amuna ndi a akazi, a alpine (otsetsereka kutsika phiri) ndi a Nordic (othamanga mtunda wautali pa ski), amaphatikizidwa pamodzi. Sukulu imodzi singatumize anthu oposa 12, kutanthauza atatu okha pa gulu lililonse. Amuna a alpine atatu, amuna a Nordic atatu, basi. Timu ikhoza kukhala ndi anyamata ambiri pa ndandanda, koma khomo lake ndi lopapatiza choncho.

Ndiye chita izi. Tenga ndandanda ya timu imene ukuifuna, lowa pa webusaiti ya FIS, bungwe la ski la dziko lonse lapansi, ufufuze mnyamata aliyense payekha. Lemba mapointi ake pa pepala, pambali pake ulembe chaka chimene amalize sukulu. Pa FIS mapointi ochepa ndiwo abwino. Ika dzina lako pamene likuyenera kukhala, mosadzikometsera. Ukapezeka wachinayi kapena wachisanu, ndipo awiri a pamwamba pako akumaliza chaka chamawa, pamenepo pali chiyembekezo. Ukapezeka kumunsi kwenikweni, a pamwamba onse ali m'chaka choyamba ndi chachiwiri, usadzinamize. Ndipo ndandandayo siuza zonse, chifukwa sionetsa amene akubwera nawe limodzi. Masukulu ngati Utah, Denver ndi Colorado amatenga anyamata ochokera ku Norway, Sweden, Switzerland ndi maiko ena, ambiri a iwo a zaka 20 kapena 21, amene anakhalapo m'matimu a maiko awo. Leif Kristian Nestvold-Haugen wa ku Norway anapikisanira Denver, pambuyo pake n'kudzalandira mendulo ku Olympics ya 2018. Anthu otere ndiwo ukulimbirana nawo mpando. Choncho funsa kochi mosapita m'mbali kuti walonjeza malo kwa anthu angati chaka chako. Safunsa anadya phula.

Masukulu opikisana mu NCAA ali m'magulu atatu. Kum'mawa kuli EISA, kumene kuli Vermont, Dartmouth, Middlebury, New Hampshire, Williams, Bates, Colby, St. Lawrence ndi ena. Mipikisano yawo amaitcha carnival, ndipo masukuluwo ali moyandikana moti amayenda pa galimoto. Kumapiri a kumadzulo kuli RMISA, kumene kuli Colorado, Denver, Utah, Montana State ndi masukulu a ku Alaska. Maulendo ake ndi aatali. Pakati pa dzikolo pali CCSA, ya Nordic, kumene kuli Northern Michigan ndi Michigan Tech. Chipale cha kum'mawa nthawi zambiri chimakhala cholimba ngati galasi, ndipo amene anakulira pa chipale chofewa cha kumadzulo amavutika nacho poyamba. Wa Nordic aganizirenso za kutalika kwa malo: mzinda wa Denver uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo kumene amakachitira masewera n'kokwera kuposa pamenepo. Mapapo amazolowera, koma osati m'sabata imodzi.

Chinthu chimene anyamata ambiri sachiwerengera ndi mphindi zochoka pakhomo la kalasi kukafika pa phiri. Middlebury ili ndi phiri lakelake, Snow Bowl, ndi malo a Nordic a Rikert. Dartmouth ili ndi Dartmouth Skiway. A Colorado amakwera kuchoka ku Boulder kupita ku Eldora, a Utah amapita cha ku Park City. Ku Denver phiri lili patali ndithu, ulendo wake woposa ola limodzi. Usaone mtunda pa mapu okha. Funsa mnyamata wa pa timuyo kuti galimoto imanyamuka nthawi yanji, imabwerako nthawi yanji, ndipo amakwanitsa kutsika kangati pa tsiku. Kenako tenga maphunziro amene ukufuna uwaike pambali pa nthawi zimenezo. Ngati ukufuna uinjiniya kapena sayansi, makalasi a mu labu amagwa masana, ndipo sasunthika chifukwa cha iwe. Dartmouth ndi Denver amagawa chaka m'zigawo zinayi, ndipo ku Dartmouth anthu a ski akhala akugwiritsa ntchito dongosolo limeneli kupumira chigawo china kuti akapikisane kwina. Ngati maso ako ali pa NorAm Cup, mipikisano ikuluikulu ya ku North America, kapena timu ya dziko, funsa ngati kochi amalola anyamata ake kukapikisana kunja kwa ndondomeko ya koleji. Njira imeneyi ilipo: David Chodounsky anadzera ku Dartmouth n'kukafika ku Olympics, Ben Ogden anadzera ku Vermont n'kukafika ku World Cup.

Za ndalama ndinene mwachidule, koma uzimve. Masukulu a Ivy League, monga Dartmouth ndi Harvard, sapereka sikolashipu ya masewera, ndipo a Division III, gawo lachitatu la NCAA, monga Middlebury ndi Williams, nawonso sapereka. Thandizo lawo limatengera kusowa kwa banja, ndipo nthawi zina limaposa limene ungapeze kwina. Ku Division I, gawo lapamwamba la NCAA, kwa zaka zambiri malire a amuna a ski anali masikolashipu 6.3, ogawidwa pakati pa a alpine ndi a Nordic omwe, moti ambiri ankalandira kachigawo chabe. Chilichonse chimene kochi wanena pa foni chilembedwe pa pepala, chifukwa fodya wako ndi amene ali pamphuno. Funsanso kuti amalipira ndani ma ski, nsapato, phula, matikiti a pa phiri ndi misasa ya m'chilimwe.

Funsanso ngati timuyo ili pabwino. New Mexico inatenga chikho cha NCAA mu 2004, koma yunivesiteyo inadzathetsa timu ya ski, ndipo nyengo ya 2019 inali yomaliza. Ngati timu yachikho inathetsedwa, ina iliyonse ikhoza kuthetsedwa. Kochi woona mtima amakuuza kumene ndalama za timu zimachokera.

Mwina mapointi ako sanafike. Njira ziwiri zilipo. Yoyamba ndi kudikira chaka chimodzi kapena ziwiri ukamaliza sekondale, n'kupikisana pansi pa kalabu kapena sukulu ya ski ngati Burke Mountain Academy kapena Green Mountain Valley School kuti mapointi atsike. Ambiri amatero, koma kuchedwa kulowa koleji kuli ndi malamulo ake amene angakudyere zaka zopikisana, choncho lembetsa ku NCAA Eligibility Center msanga uwerenge lamulo la chaka chako. Yachiwiri ndi USCSA, bungwe la matimu a m'makoleji ambirimbiri, limene lilinso ndi mpikisano wake wa dziko lonse ndipo limalandira a freeski ndi snowboard, amene NCAA ilibe. Ena amaiderera. Ine sindiiderera, chifukwa ndinaona anyamata kumeneko akupikisana sabata ndi sabata pamene ine, wovala jekete la sukulu yotchuka, ndinali chiimire m'mbali mwa njira.

Polembera kochi, usayembekeze kuti akupeze yekha. Kalata ikhale yaifupi: nambala yako ya FIS, mapointi, magiredi a kusukulu, vidiyo yaifupi ya mpikisano weniweni, ndi dzina la kochi wako wa panopa. Magiredi usawaone mopepuka. Ku masukulu a kum'mawa aja kochi sangakulowetse ngati ofesi yolandira ophunzira yakana.

Ukapita kukaona sukuluyo adzakupatsa katswiri wa timu kuti akuyendetse. Cheza naye, koma pambuyo pake funafuna mnyamata amene sakwera galimoto Lachinayi, ndi wina amene anang'ambika mtsempha wa bondo. Awiriwo ndiwo akudziwa mtima wa kochi. Afunse ngati amawaonerabe mavidiyo awo, ngati amene anavulalayo anasungiridwa malo, ndiponso ngati akanabwera pa sukuluyo pakanakhala palibe ski.

Ine ndinasamuka chaka chachiwiri chitatha, kupita ku koleji yaing'ono imene phiri lake linali pafupi. Kumeneko ndinali wachitatu. Loweruka loyamba mu Januwale ndinaimirira pa khomo loyambira, manja akunjenjemera ndi kuzizira, nambala 38 ili pachifuwa, kochi akundipukuta chipale kunsi kwa nsapato. Panali patadutsa miyezi 22 chipikisanireni komaliza, ndipo ndinamaliza maulendo onse awiri osaphonya geti.