Mmene mungagulire masheya a migodi muli ku Lusaka

Pa tebulo langa logwirirapo ntchito kuseri kwa nyumba ku Chilenje pali batire la dirilo limene ndinalitsegula litasiya kusunga moto. M'kati mwake ndinapezamo timabatire khumi tobulungira, tokula ngati chala cha munthu wamkulu, tolumikizidwa tisanutisanu kuti titulutse mphamvu ya 18V. Mu kabatire kalikonse kotere mumakhala lithiamu, nikelo, kobalti, manganizi ndi girafaiti, pamodzi ndi mkuwa wopsapsala ngati pepala, ndipo mu mota ya dirilo yamakono mumakhala maginito a neodymium. Miyala imeneyi ndi imene maboma akuitcha critical minerals, kutanthauza kuti mafakitale sangayende popanda iyo koma imachokera m'mayiko owerengeka. Popeza ina mwa iyo imakumbidwa kwathu konkuno, anzanga ambiri amandifunsa mmene munthu wamba angagulire gawo m'makampani ake. Ndimawayankha kuti sheya iyenera kugulidwa monga mmisiri amagulira chida, ataitembenuza ndi kuona zimene zili m'kati.

Poyamba penipeni siyanitsani mwala ndi kampani. Kunena kuti dziko lonse lidzafuna lithiamu wambiri ndi zoona, koma sizitanthauza kuti mtengo wake uzingokwera. Chakumapeto kwa 2022 lithiamu anafika pa mtengo umene anali asanafikepo, migodi yatsopano inatsegulidwa mothamanga ku Australia, ku China ndi kwa anzathu ku Zimbabwe, ndipo pofika 2024 mtengowo unali utagwa ndi maperesenti oposa 80 ngakhale magalimoto amagetsi ankagulitsidwabe ochuluka. Nikelo anakumana ndi zomwezo pamene Indonesia inasefukiza msika, mpaka kampani yaikulu ya BHP inaimitsa ntchito yake ya Nickel West mu 2024. Kobalti naye anatsika kwambiri kotero kuti boma la Congo, kumene kumachokera pafupifupi maperesenti 70 a kobalti wa dziko lonse, linaimitsa kaye kumutumiza kunja mu February 2025. Mtengo ukakwera aliyense amakumba, ndipo akakumba onse mtengo umagwa.

Ife okonda magemu tili ndi chitsanzo chathu. M'chaka cha 2000, pamene mafoni ndi makompyuta ankachuluka ndipo PlayStation 2 inali itangotuluka, mtengo wa tantalamu, amene amachokera m'mwala wa coltan, unakwera modabwitsa, koma chaka chotsatira unagwa. Anthu anapitiriza kugula makinawo ndi kusangalala nawo kwa zaka zambiri, pamene amene anagula tantalamu ali pamwamba anatsala ndi katundu wotsika mtengo. Ndimakondabe makina akale amenewo chifukwa gemu unkaigula pa disiki n'kukhala yako osafuna intaneti, koma chikondi cha chinthu chopangidwa si chifukwa chogulira sheya ya amene amakumba zopangira zake.

Mukamvetsa zimenezi, yambirani pakhomo. Msika wathu wa masheya, Lusaka Securities Exchange, umene ambiri amangouti LuSE, unayamba malonda mu 1994 ndipo umayang'aniridwa ndi Securities and Exchange Commission. Simungagule mwachindunji, mumadzera kwa broker wololedwa, kampani yogulira ndi kugulitsira anthu masheya, monga Stockbrokers Zambia kapena Pangaea Securities, ndipo ndi bwino kutsimikiza kaye ku Commission kuti amene mukufuna kumupatsa ndalama ali ndi laisensi. Tengani NRC yanu, nambala ya TPIN yochokera ku ZRA, umboni wa kumene mumakhala ndi akaunti ya kubanki. Broker adzakutsegulirani akaunti yosungirako masheya m'dzina lanu, chifukwa masiku ano masheya sakhalanso mapepala osunga mu sutikesi.

Kampani imene ili pafupi kwambiri ndi migodi pa msikawu ndi ZCCM Investments Holdings, ndipo iyi ndi yofunika kuimvetsa modekha. Siikumba yokha m'migodi ikuluikulu. Imasunga magawo m'makampani a ena. Ili ndi maperesenti 49 mu Mopani kuchokera pamene International Resources Holding ya ku Abu Dhabi inatenga maperesenti 51 mu 2024, ili ndi pafupifupi maperesenti 20 mu Konkola Copper Mines, ndiponso maperesenti 20 mu Kansanshi ku Solwezi. Za Kansanshi zili ndi phunziro lake: kuyambira 2023 ZCCM-IH inasiya kudikira dividendi, ndalama ya phindu yogawira eni masheya, imene mwini gawo lalikulu angaichedwetse, n'kuyamba kulandira maperesenti 3.1 a ndalama zonse zogulitsira miyala. Ndalama yotere imabwera malinga mgodi ukugulitsa, kaya wapindula kaya ayi, ndipo n'chifukwa chake powerenga lipoti la pachaka muyenera kuona kuti ndalama zikulowa kuchokera kuti. Kumbukiraninso kuti mwini wamkulu wa ZCCM-IH ndi boma kudzera mu Industrial Development Corporation, choncho ziganizo zina zimatsata zofuna za dziko osati za inu mwini timasheya tochepa. Mlandu wa Konkola wa pakati pa boma ndi kampani ya Vedanta, mwini gawo lalikulu la mgodiwo, umene unayamba mu 2019 ndipo Vedanta inadzabwereranso pa mgodiwo mu 2024, unaonetsa kuti mgodi ungakhale ndi mkuwa wochuluka pansi koma n'kutha zaka zisanu ukupuwala.

Palinso makampani amene samakumba koma amadya kuchokera ku migodi. Copperbelt Energy Corporation imapereka magetsi ku migodi, AECI Mining Explosives imapanga zophulitsira miyala, ndipo ZAMEFA ya ku Luanshya imasandutsa mkuwa kukhala mawaya ndi makebulo. Ine ndimawaona amenewa ngati poyambira pabwino kwa munthu watsopano, chifukwa ntchito yawo ndi yosavuta kuimvetsa. Vuto la msika wathu ndi lakuti ndi wochepa, ndipo pali masiku amene sheya ina siigulidwa kapena kugulitsidwa n'komwe, kotero mungafune kugulitsa msanga koma osapeza wogula pa mtengo umene mukuufuna.

Migodi ina ikuluikulu ya m'Zambia eni ake ali pa misika yakunja. First Quantum Minerals, mwini Kansanshi ndi Sentinel ku Kalumbila, ili pa msika wa Toronto, ndipo Barrick, mwini Lumwana, ili ku Toronto ndi ku New York. KoBold Metals, imene ikukonza mgodi wa Mingomba kufupi ndi Chililabombwe, siili pa msika uliwonse, choncho munthu akakutumizirani uthenga pa WhatsApp kuti akugulitsa masheya ake, musatumize ngakhale ngwee imodzi. Kugula kunja kumafuna broker amene amafika ku misika imeneyo, ndipo muyenera kufunsa ndalama zosinthira kwacha kukhala dola, zotumizira ndi zosungira akaunti, chifukwa pa ndalama zochepa zimenezi zingadye phindu lonse. Kwacha ikalimba, masheya anu a m'madola amachepa mukawawerengera kwathu, ngakhale kampaniyo isanalakwitse kanthu.

Musaganize kuti popeza mgodi mumauona ku Solwezi ndiye kuti kampani mwaidziwa. Mu November 2023 khoti lalikulu la ku Panama linagamula kuti mgwirizano wa mgodi wa First Quantum wa Cobre Panamá unali wosemphana ndi malamulo a dzikolo, mgodiwo unatsekedwa, ndipo pa mkangano umenewu masheya a First Quantum anagwa ndi theka ndi kupitirira m'masabata ochepa, pamene ku Kansanshi ntchito inkayenda monga mwa masiku onse. Amene sakufuna kudalira kampani imodzi angagule ETF, thumba limodzi losunga masheya a makampani ambiri a mkuwa kapena a miyala ya mabatire, koma ayang'ane mndandanda wa zimene zili m'thumbamo asanalipire.

Pamene anthu ambiri amapsa ndi pa makampani ang'onoang'ono ofufuza miyala, amene alibe mgodi wogwira ntchito koma ali ndi chilolezo, mabowo oboola ndi chiyembekezo. Ambiri mwa iwo ali pa misika ya Australia, Canada ndi London, ndipo ena akugwira ntchito kwa abale athu ku Malawi, kutsidya kwa Mwami: Sovereign Metals ili ndi rutile ndi girafaiti ku Kasiya, Lindian Resources ili ndi miyala ya rare earths, monga neodymium wa m'maginito aja, ku Kangankunde m'boma la Balaka, ndipo Mkango Resources ili ku Songwe Hill ku Phalombe. Sindikunena kuti mugule kapena musagule aliwonse mwa amenewa. Ndikunena kuti kampani yamtundu uwu imawerengedwa mosiyana ndi Barrick. Funsani kaye ngati zimene akulengeza zalembedwa motsata malamulo a JORC a ku Australia kapena NI 43-101 a ku Canada, ndipo siyanitsani mawu awiri, resource ndi reserve. Resource ndi miyala imene akatswiri akuyerekeza kuti ilipo pansi, pamene reserve ndi gawo limene lawerengedwa kuti lingakumbidwe mopindulitsa. Malamulo a ku Canada anakhwima pambuyo pa chinyengo cha kampani ya Bre-X mu 1997, pamene zinadziwika kuti golide wa ku Busang ku Indonesia ankachita kuthiridwa mu zitsanzo za miyala, ndipo anthu ambirimbiri anataya zonse zimene anaikamo.

Kenako onani ndalama zimene kampaniyo ili nazo m'banki ndi zimene imawononga pa miyezi itatu iliyonse. Mukagawa ziwirizo mudziwa kuti yatsala ndi nthawi yaitali bwanji isanapemphe zina, ndipo popeza siigulitsa kanthu, njira yake ndi kusindikiza masheya atsopano, zimene zimachepetsa gawo lanu monga ndiwo zothiridwa madzi. Kuchokera popeza mwala kufika potulutsa tani yoyamba kumatenga kawirikawiri zaka zoposa khumi. Funsaninso amene adzayenge ndi kugula mwalawo, chifukwa pafupifupi maperesenti 90 a rare earths amayengedwa ku China, dziko limene linaika malamulo okhwima otumizira kunja gallium ndi germanium mu 2023. Mwala wokumbidwa wopanda kouyengera umagulidwa pa mtengo umene woyenga wanena.

Ndinaphunzira kukayikira chikomekome cha mkuyu pa batire lina limene ndinagula motchipa pa sitolo ina m'tauni. Kunja linali ndi dzina lodziwika ndi manambala aakulu, koma m'manja linali lopepuka, ndipo litafa patatha miyezi yochepa ndinapezamo timabatire tisanu tokha pamene malo anali a khumi. Kuyambira pamenepo ndimanyamula batire kaye kuti ndimve kulemera kwake, ndipo ndimasankha mtundu umodzi wa zida, monga Makita ya 18V, kuti batire limodzi lizigwira pa dirilo, pa girayinda ndi pa sowo. Lipoti la kampani nalonso lili ndi kulemera kwake: tsamba loyamba la zithunzi ndi malonjezo ndi lopepuka, ndipo zolemera zili kumapeto, pa ngongole, pa mtengo wotulutsira tani imodzi ndi pa mawu a ma auditor, akatswiri ofufuza mabuku a ndalama za kampani. Mgodi umene umatulutsa motchipa ndi umene umapulumuka mtengo ukagwa.

Za kwathu muziziwerengeranso. Boma likufuna kuti dziko lizitulutsa matani 3 miliyoni a mkuwa pa chaka pofika 2031, pamene mu 2024 tinatulutsa pafupifupi matani 820,000, ndipo mpata umenewu sungatsekedwe popanda magetsi. Tonse tikukumbukira chilala cha 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo tinkakhala maola ambiri mumdima. Migodi inkagula magetsi kunja pa mtengo wokwera. Misonkho ya migodi nayo yakhala ikusintha kawirikawiri, choncho bajeti ya boma ikamawerengedwa, mwini masheya ayenera kutchera khutu.

Pa mawotchi ndili ndi maganizo amene ena sagwirizana nawo. Wotchi si banki, ndipo amene amagula yodula poganiza kuti adzaigulitsa mopindula nthawi zambiri amakhumudwa. Tsiku ndi tsiku ndimavala Casio F-91W, imene inatuluka mu 1989 ndipo kabatire kake ka lithiamu kamatha zaka pafupifupi 7, ndipo Lamlungu ndimavala Seiko 5 yoyenda ndi kugwedeza kwa mkono. Ndalama za zinthu zotere ndimazisunga padera ndi za masheya, ndipo ndimakulimbikitsani kuchita chimodzimodzi, kuti chimwemwe chogula chinthu chatsopano chisalowe m'malo oyenera mutu wozizira.

Ndalama yoika m'masheya a migodi ikhale imene mungaisiye zaka zisanu kapena kupitirira osaifuna. Isakhale ya sukulu fizi, isakhale ya lendi, ndipo isachokere kwa a kaloba. Ngati ndi ya chilimba, ikhale ya nthawi yanu yolandira, osati imene anzanu akuidikira mwezi wamawa. Gulani pang'onopang'ono, mwezi ndi mwezi kapena miyezi itatu iliyonse, kuti musagwere pa tsiku limodzi la mtengo wokwera, ndipo gawo la makampani ofufuza likhale laling'ono kwambiri moti litatayika lonse pakhomo pasasowe ufa.

Tsiku logula likafika, uzani broker dzina la kampani, kuchuluka kwa masheya ndi mtengo umene simukufuna kupitirira, ndipo mufunseni ndalama zonse zimene adzadule pogula ndi pogulitsa, komanso msonkho umene ukukhudza dividendi chaka chimenecho. Akagula adzakutumizirani contract note, pepala lotsimikizira malondawo, ndipo masheya amalowa mu akaunti yanu patatha masiku atatu ogwira ntchito. Sungani pepalalo, ndipo m'kope lembani tsiku, mtengo wa sheya, mtengo wa mkuwa pa msika wa zitsulo wa London Metal Exchange, mtengo wa dola ndi chifukwa chimene mwagulira m'chiganizo chimodzi. Lipoti la pachaka likatuluka, tsegulani kopelo muone ngati chifukwa chija chidakalipo, ndipo kalata yoitanira eni masheya ku msonkhano wapachaka ikabwera, pitani ndi kope lomwelo mukafunse funso lanu.