Kuchepetsa zinyalala pasukulu ya pulayimale ku Chikwawa ndi Nsanje: chitani izi motere

Buleki ikangotha, yendani kuchokera pomwe amayi amagulitsira zakudya mpaka kumakalasi. Mupeza timapepala ta mafirizi, timapaketi ta majigisi, makoko a nzimbe, njere za mango kapena masau malinga ndi nyengo, ndi mapepala ong'ambidwa m'makope. Sukulu zambiri kuno kuchigwa zimachita zofanana: ana ochedwa amasesa, mulu wonse n'kukautaya kudzala, Lachisanu n'kuyatsa moto. Pofika Lolemba masana bwalo limakhala labwerera mwakale. Chimene chimalakwika ndi kusakaniza. Khoko la nzimbe likakhala palokha ndi manyowa, pepala ndi nkhuni zophikira phala, botolo ndi chothirira mtengo. Zikakumana m'dzenje limodzi zimangobala utsi ndi ntchentche.

Kuwerenga kaye

Musanagule kanthu kapena kukumba dzenje, dziwani chimene chikutayidwa. Sankhani ana 10 a Sitandade 6 kapena 7, muwapatse matumba akale a chimanga anayi, atole zonse zapabwalo buleki itatha kwa masiku asanu otsatizana. Thumba loyamba likhale la zowola, lachiwiri la mapepala, lachitatu la mapulasitiki ofewa, lachinayi la mabotolo ndi zitini. Ngati sikelo palibe, yezani ndi ndowa ya malita 20 n'kulemba kuti ndowa zingati pa gulu lililonse. Lembaninso malo amene zinyalala zachuluka. Kawirikawiri amakhala atatu: pogulitsira zakudya, pansi pa mtengo wamthunzi waukulu, ndi kuseri kwa makalasi a ana aang'ono. Manambalawa ndi amene mukaonetse komiti ya sukulu, a PTA (bungwe la makolo ndi aphunzitsi) ndi amayi a Mother Group, ndipo mudzayerekezanso nawo pakutha kwa teremu. Aphunzitsi a masamu apezerapo phunziro la magirafu popanda kuvutika.

Ana otola avale jumbo yokhuthala m'manja kapena agwiritse ntchito timitengo tiwiri ngati chopanira, ndipo asambe m'manja ndi sopo akamaliza. Magalasi osweka, mabatire, malezala ndi chilichonse chochokera kuchimbudzi asakhudze, aitane mphunzitsi.

Pali chizolowezi chimodzi chofunika kuchisiyiratu, chopereka ntchito yotola zinyalala ngati chibalo. Mwana amene watola mapepala chifukwa chochedwa amaphunzira kuti kutola ndi manyazi, ndipo mawa akamataya pepala amati alipo wolakwa amene adzatole. Ikani ndandanda yoti kalasi iliyonse ili ndi dera lake ndi tsiku lake, aphunzitsi nawonso azioneka akuwerama.

Zotayiramo

Mabini apulasitiki ogula m'sitolo sachedwa kuuma n'kusweka ndi dzuwa la Okutobala, pamene kutentha kuno kumapitirira madigiri 40, ndipo ena amasowa tchuthi chisanathe chifukwa kumudzi amafunika potungira madzi. Madengu a mlaza kapena a nsungwi olukidwa ndi makolo ndi otchipa, ndipo akatha mulukanso ena. Zigubu za mafuta ophikira za malita 20 zodula pamwamba zimagwiranso ntchito, bola muziboole mabowo asanu kapena asanu ndi limodzi pansi. Chigubu chosaboola chimasunga madzi a mvula, ndipo m'nyengo yotentha udzudzu umatha kuswana n'kuuluka pasanathe masabata awiri.

Pa malo aliwonse ikani zotayiramo zitatu moyandikana. Zikatalikirana, mwana amaponya m'chimene chili pafupi. Muzimangirire pamtengo kapena pachikhomo, mita imodzi kuchokera pansi, kuti mbuzi zisagwetse komanso kamvuluvulu asamwaze. Mwana wa Sitandade 1 sawerenga, choncho m'malo molemba mawu, khomerani chitsanzo chenicheni pa dengu lililonse: khoko la nzimbe apa, pepala apo, kapepala ka firizi apo. Izi zimathandizanso pamene ana ena amalankhula Chisena kunyumba, ena Chimang'anja. M'kalasi iliyonse mukhale katoni imodzi ya mapepala okha. Madengu azikhuthulidwa tsiku lililonse ana asanaweruke, chifukwa dengu losefukira limauza mwana kuti ataye pansi.

Nkhani ya pageti

Mapulasitiki ambiri salowa ndi ana kuchokera kunyumba, amagulidwa pasukulu pomwepo. Kuthamangitsa ogulitsa sikuthandiza, amangosunthira kuseri kwa mpanda ndipo ambiri mwa iwo ndi makolo a ana omwewo. Ahedi awaitane pamodzi ndi amfumu ndi wapampando wa komiti, mugwirizane zinthu zochepa zotheka. Wogulitsa aliyense akhale ndi thumba lake lotayiramo ndipo asese malo ake asanachoke. Mandasi, zitumbuwa, zigege ndi chinangwa ziziperekedwa m'mbale kapena m'kapu ya mwana, pakuti kumene kuli phala ana amabwera ndi makapu kale. Firizi azidyera pomwepo n'kusiya kapepala m'thumba la wogulitsa. Akumbutseni kuti malamulo a 2015 analetsa majumbo opyapyala osafika mamaikironi 60 (muyezo wa kukhuthala kwa pulasitiki), ndipo Khoti la Supreme linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Koma chimene chimamveka msanga kwa munthu wa ku Ngabu kapena Bangula ndi ziweto. Mbuzi kapena ng'ombe ikameza majumbo, amaunjikana m'chifu osagayika, chiweto chimawonda pang'onopang'ono ngakhale msipu ulipo, mwini n'kudzazindikira pochisenda.

Manyowa

Apa ndi pamene pali phindu lalikulu, ndipo ndi pamenenso anthu amalakwitsa kwambiri. Masamba osesedwa pabwalo, makoko, zotsalira za phala ndi phulusa la kukhitchini, zonsezi ndi chakudya cha nthaka.

Sankhani malo amthunzi, pansi pa nimu kapena keshya, osachepera mamita 30 kuchokera pamjigo. Kumalo okwera monga m'mphepete mwa mapiri, kumbani maenje awiri oyandikana, lililonse mamita awiri m'litali, mita imodzi m'lifupi ndi masentimita 60 kuya. Kumalo kumene madzi amasefukira kapena ali pafupi ndi nthaka, monga ku Makhanga ndi madera oyandikana ndi Shire ndi Ruo, musakumbe. Dothi la makande limagwira madzi, dzenje limasanduka chithaphwi ndipo zinthu zimanunkha m'malo mowola. Kumeneko undani kachulu ka dothi ka masentimita 30, mumange mulu pamwamba pake n'kuumata ndi matope, njira imene alimi amaitcha chimato.

Kayalidwe kake ndi kamodzi. Pansi yalani mapesi a mapira kapena a chimanga oduladula kuti mpweya uzilowa. Pamwamba pake masentimita 20 a zouma, kenako masentimita 10 a zaziwisi monga makoko a zipatso, udzu wauwisi ndi masamba a sangowa, kenako masentimita 5 a ndowe za ng'ombe kapena zitosi za mbuzi, zimene kuno sizisowa. Wazani phulusa lodzaza manja awiri ndi dothi pang'ono, thirani khekhe imodzi ya madzi, n'kuyambiranso mpaka mulu ufike m'chiuno. Zikani ndodo yowongoka pakati ndipo fundirani pamwamba ndi udzu kapena matumba akale.

Ndodoyo ndiye dokotala wanu. Izuleni pakatha masiku anayi kapena asanu. Ikatuluka yofunda ndi yonyowa, zinthu zili bwino. Ikatuluka youma ndi nkhungu yoyera, madzi achepa, ndipo kuno vutoli ndiye lofala chifukwa mulu umauma msanga. Thirani makhekhe awiri kawiri pa sabata, madzi otsukira miphika ya phala akwanira ngati mulibe sopo wambiri. Ikatuluka yozizira ngakhale ili yonyowa, ndowe kapena zaziwisi zachepa. Mulu ukanunkha ngati dzira lovunda, madzi achuluka, tembenuzani n'kuonjezera masamba ouma. Nyerere ndi chiswe zikalowa, ndiye kuti mwauma. Tembenuzirani m'dzenje lachiwiri, kapena pambali ngati ndi mulu wa pakachulu, pakatha masabata atatu, zam'mbali zilowe pakati, n'kubwerezanso pakatha masabata ena atatu. Pa miyezi iwiri kapena itatu manyowa amakhala akuda, ofumbutuka, onunkhira ngati dothi la mvula yoyamba. Makoko a nzimbe amachedwa kuwola kuposa zonse, choncho aduleni tizidutswa tosaposa chala, apo ayi ayanikeni akakolezere moto kukhitchini. Njere za mango muzipatule, zina mukhoza kufesa.

Mukayamba mulu mu Seputembala sukulu ikangotsegulira, manyowa apsa m'nthawi yake, chifukwa nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo.

Mapepala

Pepala lolembedwa mbali imodzi lisatayidwe. Sonkhanitsani 20, pindani pakati, sokani ndi ulusi wa thumba, mwapeza kope la masamu ongoyeserera. Olembedwa mbali zonse mupangire timakala tophikira: ang'ambeni tizidutswa, muwaviike m'ndowa masiku atatu mpaka asanu, kenako sinjani mumtondo wakale mpaka akhale ngati phala lolimba. Sakanizani muyezo umodzi wa phalalo ndi miyezo iwiri ya utuchi, mankhusu a mpunga a kuchigayo kapena fumbi la makala. Tengani chitini choboola pansi ndi m'mbali, imikani kamtengo pakati, thirani zosakanizazo n'kutsindira ndi mtengo mpaka madzi asiye kutuluka. Bowo limene kamtengo kasiya limathandiza kuuma ndi kuyaka. Padzuwa la kuno timakala timeneti timauma m'masiku anayi mpaka asanu ndi awiri. Tikafumbutuka ndiye kuti pepala linachepa kapena silinasinjike, ndipo tikamafuka utsi wambiri ndiye kuti m'kati simunaume. Sitilowa m'malo mwa nkhuni zonse, koma timachepetsa zimene makolo amasenza. Mapepala a mayeso okhala ndi maina ndi malikisi a ana ayambe ndi kuviikidwa ndi mphunzitsi, asakapezeke atakulungira mandasi.

Mabotolo ndi mapulasitiki ofewa

Botolo la malita awiri, liboolani timabowo tiwiri ndi singano yotentha pafupi ndi pansi, likwirireni theka pambali pa mbande ya mtengo, muzilidzaza kawiri kapena katatu pa sabata n'kutseka mosamanga kwambiri. Madzi amapita kumizu osauma pamwamba. Mwana aliyense wa kalasi yaikulu akhale ndi mtengo wake ndi botolo lake, ndipo mtengowo autchingire ndi minga poopa mbuzi. Mabotolo odula pakati n'kuboola pansi amalowa m'malo mwa machubu kunazale. Chigubu cha malita 5 chimapanga mpondagiya pafupi ndi chimbudzi, chinthu chimene aliyense wokumbukira kolera ya 2022 ndi 2023 sangachipeputse. Zitsekerero zitsukidwe zipite ku Sitandade 1 ndi 2 zikakhale zowerengetsera. Ndiyo TALULAR, kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi, imene aphunzitsi anaphunzira kukoleji.

Chenjezo lalikulu kudera lolima thonje ngati lino: botolo limene munali mankhwala opopera mbewu kapena a dibi lisalowe pasukulu ngakhale litsukidwe chotani. Uzani ana momveka musanawatume kukatenga mabotolo kunyumba. Ndipo musayambitse mpikisano wa kalasi yobweretsa mabotolo ambiri, chifukwa ana adzakatola kumsika ndi kumadzala, sukulu n'kusanduka mtaya wa mudzi wonse.

Timapepala ta mafirizi ndi ta majigisi ndiye tovuta. Tina tipite kwa anyamata akamange mpira wachikulunga. Totsala titsukeni, tiume bwinobwino, n'kutitsindira ndi kamtengo m'botolo la theka la lita mpaka lilimbe loti munthu akaponda lisaphwatalale. Lodzaza bwino limalemera magalamu 170 kapena kuposerapo. Mabotolo otere amayalidwa ndi matope ngati njerwa pomanga pokhala pansi pa mtengo. Amatidwe onse, pakuti losiyidwa padzuwa limauma n'kusweka, ndipo timapepala tonyowa timawolera m'kati n'kununkha. Musamangire khoma lalitali kapena chilichonse chosenza denga.

Za kugulitsa, musalonjeze ana ndalama musanapeze wogula. Zitsulo ndi zitini zili ndi ogula oyendayenda, koma ogula mapulasitiki ambiri ali ku Blantyre, ndipo thumba la mabotolo ndi lopepuka moti mtengo wokwezera pa Thabwa ungathe kudya phindu lonse. Nkhaniyi ikambidwe pamsonkhano wa ahedi ku TDC, likulu la aphunzitsi la zoni, sukulu za zoni imodzi zisonkhe pamodzi. Ndalama iliyonse yolowa ilembedwe m'buku la komiti n'kulengezedwa pa asembule.

Zotsala

Padzatsalabe zina zopanda ntchito. Zikumbireni dzenje lakelake pamalo okwera, kutali ndi mjigo ndi khitchini, lotchinga ndi mpanda waminga kuti ana aang'ono ndi ziweto zisagweremo, ndipo Lachisanu lililonse fotserani ndi dothi la masentimita 10. Musawotche pulasitiki. Utsi wake uli ndi poizoni, umadzutsa mphumu, ndipo mphepo imaulowetsa m'makalasi opanda mawindo otseka. Mabatire ndi magalasi asungidwe m'chitini chotseka mu ofesi. Za mapadi a atsikana, amayi a Mother Group ndi alangizi a zaumoyo akonze ndowa yotseka m'chimbudzi cha atsikana ndi katayidwe kake, nkhaniyo isadutse pa asembule.

Mu Novembala, mvula isanayambe, gwirani ntchito imodzi yaikulu pamodzi ndi makolo: chotsani mapulasitiki m'ngalande zonse ndi kukamwa kwa makalaveti, fotserani dzenje limene latsala pang'ono kudzaza, ndipo mapepala, timakala ndi mabotolo odzaza zikwezedwe pamwamba m'chipinda chosadontha. Madzi osefukira a 2015, a namondwe Idai mu 2019, a Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023 anaonetsa kuti chilichonse chosiyidwa pansi chimakathera m'midzi ya kumunsi ndi mu Shire. Popeza sukulu zambiri kuno zimasanduka misasa madzi akasefukira, sungani matumba opanda kanthu 20 ndi khasu ndi fosholo mu ofesi, ndipo komiti idziwiretu malo amene dzenje la msasa lidzakumbidwe tsiku loyamba anthu akangofika.