Momwe mungaphunzirire shodo ya ku Japan pa intaneti ngati muli m'dojo

Ku Japan, mphunzitsi wa shodo, luso lolemba zilembo ndi burashi, amatha kuima kumbuyo kwa wophunzira n'kumugwira dzanja kuti ayendetse burashi limodzi. Pa intaneti palibe wokugwirani dzanja. Ndiye mwambo wa m'dojo, malo ophunziriramo luso ku Japan, muyenera kuusunga nokha.

Yambani ndi malo. Tebulo likhale lomwelo, nthawinso yomweyo, kaya mphindi 30 m'mawa uliwonse. Yalani kansalu kokhuthala ka shitajiki, ikanipo pepala la hanshi, mulitsendereze ndi kachitsulo ka bunchin. Hanshi ikasowa, nyuzipepala zakale zimakwanira poyeserera.

Kenako perani inki, ndipo apa musapupulume. Inkiyo imachokera ku sumi, kandodo kouma ka mwaye wosakaniza ndi guluu wochokera ku zikopa za nyama, ndipo sumi wambiri amapangidwa mu mzinda wa Nara. Donthezani timadzi pa mwala wa suzuri, muzipera pang'onopang'ono mpaka madziwo ade bii, kafungo ka sumi kayambe kumveka. Inki ya m'botolo ilipo, koma ine ndimaona kuti mphindi zoperazi ndi zimene zimakhazika mtima pansi burashi isanakhudze pepala.

Khalani mowongoka, burashi iime chilili, chigongono chisagone patebulo. Yambani ndi kaisho, kalembedwe kooneka bwino mzere uliwonse. Gyosho ndi sosho, kalembedwe kothamanga kolumikiza mizere, zidikire kaye. Ambiri amayeserera pa chilembo cha 永, chotanthauza muyaya, chifukwa muli mizere isanu ndi itatu yoyambira. M'menemo mudzaphunzira tome, kuimitsa burashi. Hane, kuinjanjitsa ngati kambedza. Ndi harai, kuikoka mpaka mzere uthere kosongoka. Mzere mukaulemba, mwaulemba. Osabwereranso kukaukonza, mphunzitsi amaona msanga.

Poonera vidiyo, ichepetseni liwiro, maso akhale pa dzanja la mphunzitsi ndi pomwe akutsindika burashi.

Sankhani mphunzitsi amene amakonza ntchito yanu, mavidiyo okha sakwanira. Jambulani pepalalo foni ili pamwamba penipeni, osati chapambali, n'kumutumizira. Aphunzitsi a shodo amakonza ndi inki yofiirira, ndipo pomwe mwakhoza amazunguliza kamzere. Lembani deti pa pepala lililonse, muzisunga.

Mukamaliza, tsukani burashi ndi madzi okha, opanda sopo, muwongole ubweya wake ndi zala, muipachike nsonga italoza pansi.