Momwe bambo angapemphere kusunga mwana ngati akuopa kuti mayi ake apita naye kunja

Kuno ku Mangochi ulendo wa ku Joni ndi wa tsiku ndi tsiku, ndipo chipata cha Chiponde chopita ku Mandimba, ku Mozambique, chili pakhomo pomwe. Ukwati ukatha, mayi atha kunyamuka ndi mwana usiku umodzi. Chomwe bambo ayenera kudziwa n'chakuti Malawi sali m'pangano la Hague la 1980 lobweza ana otengedwa kupita dziko lina, choncho mwana akangodutsa malire, kumubweza ndi mlandu wautali komanso wodula. Zonse muzichite mwana akadali kuno.

Yambani ndi mapepala. Pezani chiphaso cha kubadwa cha ku NRB chokhala ndi dzina lanu ngati bambo, khadi la ku sikelo, malipoti a kusukulu, ndi umboni woti mumamusamala mwanayo: malisiti a fizi ndi yunifolomu, mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba. Ngati dzina lanu silinalembedwe pa chiphaso, khoti lili ndi mphamvu yogamula kuti bambo wa mwana ndani, ndipo pempho limeneli liyende limodzi ndi lopempha kusunga mwana.

Umboni wa ulendowo ndi umene abambo ambiri amagwera. Kunena kuti "ndamva kuti akufuna kupita" sikokwanira. Sungani mauthenga a WhatsApp osawadula, oonetsa nambala ndi tsiku. Lembani tsiku limene mwana anasiyitsidwa sukulu, katundu amene wagulitsidwa, dzina la transipota ngati mukulidziwa, ndipo pezani mboni imene inamva ndi makutu ake.

Kenako pitani ku ofesi ya zosamalira anthu pa boma kapena ku Victim Support Unit ya polisi. Iwowa amaitana mbali zonse, nthawi zambiri pamodzi ndi ankhoswe. Mukagwirizana, zilembedwe ndi kusainidwa. Koma ngati ulendo wayandikira, musadikire zokambirana. Nambala ya 116 ndi yaulere pa nkhani za ana.

Pempho lenileni limapita ku khoti la ana, motsatira lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010. Kalaliki wa khoti la majisitireti adzakuuzani kolembetsa. Pemphani zinthu zitatu: kusunga mwana, mwayi womuona ngati choyambacho chakanika, ndi chiletso choti mwana asatuluke m'dziko mlandu usanathe. Ngati ali ndi pasipoti, pemphaninso kuti isungidwe kukhoti. Zifukwa zanu mudzazilemba m'chikalata cholumbira. Wopanda ndalama za loya apemphe thandizo ku Legal Aid Bureau.

Chiletso chikatuluka, chisagone m'chikwama. Chiperekedwe kwa mayi wa mwana, ndipo makope odindidwa afike kupolisi ndi kwa a Immigration, ku Chiponde komwe. Dziwaninso kuti malire athu ali ndi njira zambiri zachidule, ndiye muuze aphunzitsi ndi amfumu kuti pali chigamulo.

Tsono khoti limayang'ana chiyani? Chachikulu ndi ubwino wa mwana, osati kuti wolakwa m'banja anali ndani. Lamulo limanenanso kufunika koti mwana wamng'ono akhale ndi mayi ake, maganizo a mwanayo, komanso kuti ana a mimba imodzi asalekanitsidwe. Choncho ngati mwana ndi woyamwa, musadalire kwambiri kumutenga; chiletso ndi masiku omuona n'zimene zili pafupi. Nkhani yoti ana ndi a kuchikazi, mwinimbumba ndi malume, imamveka pabwalo la amfumu, koma siyitsekera bambo khomo la khoti. Konzekerani kuyankha kuti mwana azigona pati, aziphunzira kuti, ndipo amusamale ndani inu mukapita kunyanja usiku kapena kugeni.

Zinthu ziwiri zimaononga mlandu wabwino. China ndi kukalanda mwana kusukulu kapena kumubisa kwa achibale. China ndi kusiya kupereka chithandizo pofuna kukhaulitsa mayi ake: majisitireti adzakufunsani kuti munatumiza liti ndalama komaliza, ndipo yankho lake lidzalembedwa.