Mukasintha injini, yang'ananinso payipi ndi fyuluta ya mafuta

Magalimoto ena a muno mu Mzuzu sakuyendanso ndi injini zomwe anabwera nazo. Pikapu yakale ya kabureta (chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya) imaikidwa injini yochokera ku Japan ya mainjekita (tizipangizo topopera petulo mu injini), ndipo amakaniko athu a ku Luwinga ndi ku Chibavi ntchitoyi amaitha. Chimene chimandidetsa nkhawa n'choti payipi ya mafuta imasiyidwa yomwe ija yakale. Moto wa galimoto nthawi zambiri umayambira pamenepa.

Nkhani yagona pa mphamvu imene pampu imakankhira petulo. Kabureta imangofuna 4 mpaka 7 psi (psi ndi bar ndi miyezo ya mphamvu yokankhirayi), pomwe mainjekita amafuna pafupifupi 43 psi, yomwe ndi 3 bar. Choncho pogula payipi musangoyeza kukula kwa bowo lake, werengani zimene zalembedwa pakhungu pake. Yolembedwa SAE J30R7 ndi ya kabureta. Ya mainjekita ikhale J30R9. Kachidutswa ka payipi kokhala m'thanki, komizidwa m'petulo usana ndi usiku, kakhale J30R10, chifukwa mapayipi enawo akamizidwa amafufuma kunja n'kuyamba kunyenyeka. Yopanda cholembedwa chilichonse isiyeni pashelefu pomwepo ngakhale itchipe bwanji.

Kumbukiraninso kuti petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo fakitale ya ku Dwangwa yakhala ikumupanga kuyambira mu 1982. Ethanol amawononga labala wachikale komanso amakoka madzi, nanga chinyezi cha Mzuzu tonse tikuchidziwa. Ipindeni payipiyo ndi zala. Mukaona timing'alu, kapena yauma gwa, kapena m'mawa mukumva fungo la petulo pansi pa boneti, ichotseni tsiku lomwelo.

Pa fyuluta ambiri amasokoneza malo. Pakati pa thanki ndi pampu pamafunika ya maso akuluakulu, ya 100 micron (micron ndi muyezo wa kukula kwa masowo). Yosefa kwambiri, ya 10 micron, imabwera pampu itadutsa, kuti iteteze mainjekita. Mukazisinthanitsa, pampu imavutika kukoka mafuta, imalira, imatentha, ndipo galimoto imafooka pokwera Chiweta mutanyamula katundu. Timafyuluta tija tapulasitiki toonekera m'kati n'ta kabureta basi. Pa mainjekita ikani yachitsulo, muvi wake uloze kuinjini.

Inu amene munathirapo petulo wa m'zigubu nthawi ya kusowa kwa mafuta, musadikire makilomita olembedwa m'buku. Sinthani fyuluta msanga, ndipo yakaleyo muikhuthulire m'botolo loyera muone dzimbiri ndi madzi zimene zikutuluka. Zikachuluka, thanki nayo itsukidwe.

Pomanga, gwiritsani ntchito makilampu osalala m'kati, osati waya, ndipo payipi idutse kutali ndi ekizozi komanso m'mphepete mwa zitsulo zakuthwa. Mukamaliza, tsegulani kiyi osaliza injini kuti pampu idzaze mafuta, kenako gundani polumikizira paliponse ndi pepala louma. Likanyowa, galimotoyo isatuluke m'galaja.