Kudyetsa wodwala amene akulephera kumeza

Wodwala sitiroko akatuluka ku Mzuzu Central Hospital kapena ku St John's, achibale ambiri amaika mtima pa mwendo ndi mkono zimene zafa. Kummero amakuiwala. Komatu pafupifupi theka la anthu ogwidwa ndi sitiroko amavutika kumeza m'masiku oyambirira, ndipo chakudya chikalowera ku kholingo chimakafika m'mapapo n'kuyambitsa chibayo.

Muziyang'anitsitsa pa nthawi ya chakudya. Kutsokomola akangomwa, mawu omveka ngati pakhosi pali madzi, kutuluka dovu, chakudya kutsalira m'tsaya la mbali yofooka, zonsezi ndi zizindikiro. Ena satsokomola n'komwe ngakhale madzi alowe m'mapapo. Mumangoona thupi latentha patapita masiku.

Chimene chimadabwitsa magadiyani n'chakuti madzi, tiyi ndi Fanta ndi zimene zimatsamwitsa kwambiri, chifukwa zimatsetsereka kummero kusanakonzeke. Phala lokhuthala pang'ono limayenda mwapang'onopang'ono. Ngati achipatala amuyeza wodwalayo n'kuvomereza kuti azidya ndi pakamwa, konzani phala la mgaiwa wosefa kapena Likuni Phala lopanda mibulu, maungu ndi mbatata zofutsa zokanya bwino, nthochi yakupsa, peyala. Liyeseni ndi supuni: mukaipendeketsa, phala ligwe lonse pamodzi, lisayenderere ngati madzi, lisakakamirenso. Kuno ku Mzuzu, makamaka m'miyezi ya June ndi July, phala limazizira n'kulimba wodwala asanafike pakati pa mbale, choncho muzigawa pang'onopang'ono, lina likhale mumphika.

Kondowole, ngakhale agogo amulire bwanji, ayambe wadikira. Amanyata ndipo amakakamira pakhosi. Chimodzimodzi usipa wa minga, mtedza wokazinga, mpunga woyoyoka, buledi ndi masamba a mitsitsi. Msuzi wamadzi wokhala ndi tizidutswa ta nyama ndi woopsanso.

Wodwala akhale tsonga, mutu wowerama pang'ono, osati chagada. Gwiritsani kasupuni ka tiyi, ndipo muone kuti wameza musanapereke kena. Wailesi itsekedwe, musamulankhulitse ali ndi chakudya m'kamwa. Akasinza, siyani. Akamaliza akhalebe tsonga mphindi 30, kenako mumutsuke m'kamwa.

Tsono za kachubu. Dokotala akanena kuti aika kachubu kodzera m'mphuno kukafika m'mimba, mabanja ena amakana, ati ndiye kuti munthu watayidwa. Ine ndimaona kuti kukana kumeneku n'kumene kumafoola odwala ambiri. Kachubu kamapatsa thupi chakudya, madzi ndi mankhwala pamene kummero kukuchira, ndipo ambiri a sitiroko amayambanso kumeza pakatha milungu ingapo. Ka m'mphuno kamakhala ka nthawi yochepa, kawirikawiri milungu 4 mpaka 6; vuto likapitirira, madokotala amaganizira kuika chubu china chobooleza pamimba.

Musanadyetse, sambani m'manja ndi sopo, ndipo onani chizindikiro chimene anamwino anaika pa chubu pafupi ndi mphuno. Ngati chasuntha, pulasitala yamatuka, kapena chubu chapindikira m'kamwa, musathire kalikonse. Chikatuluka musachibwezere nokha, pitani nacho kuchipatala. Tsamiritsani wodwala ndi mapilo kuti chifuwa chikwere. Yambani ndi madzi owiritsa ozizira, kenako thirani chakudya m'sirinji yaikulu n'kuikweza kuti chitsike chokha, osakankha mwamphamvu. Malizaninso ndi madzi, apo ayi phala liuma m'kati n'kutseka chubu. Mlingo wake ndi kangati pa tsiku, tsatirani zimene achipatala akulemberani.

Apa m'pamene ambiri amaphonya: pofuna kuti phala lidutse, amalisungunula ndi madzi mpaka latsala dzina lokha, wodwala n'kumangowonda. Sungunulani ndi mkaka wowiritsa, onjezani nsinjiro zophika, dzira lophikira m'phala momwemo ndi mafuta ophikira pang'ono, kenako sefani kawiri. Likhale lofunda, osati lotentha, ndipo limene lakhala maola awiri litayeni. Wa shuga musamuthirire shuga, wa BP mchere uchepe. Mapiritsi ena saloledwa kuperedwa, funsani kaye ku famase.

Alendo obwera kudzazonda matenda muwauze poyera, ngakhale akhale apongozi: wodwala amene achipatala anena kuti asadye ndi pakamwa asapatsidwe ngakhale kapu ya thobwa mobisa. Milomo ikauma, ipukuteni ndi kansalu konyowa n'kupaka Vaseline. M'kamwa muzitsukabe kawiri pa tsiku, poti malovu akuda nawonso amatengera tizilombo m'mapapo.

Thamangirani kuchipatala akayamba kubanika, kutentha thupi, kusanza, kutupa mimba kapena mkodzo ukachepa n'kuda. Palinso munthu amene sanadwalepo sitiroko koma nsima yayamba kumuima pachifuwa, kenako phala, uku akuwonda. Ameneyo musangomufewetsera chakudya kunyumba: khansa ya kummero ndi yofala kwambiri m'Malawi, akayezedwe sabata yomweyo.